Ngolo ya mahatchi ikasowa, woyamba kufunsidwa ndiwe

Ndatha zaka 11 ndikusamalira mahatchi kuno ku Kyalami, kumpoto kwa Johannesburg. Ndinachoka ku Ntcheu ndisanagwirepo hatchi chibadwire, zanga zinali ng'ombe ndi ngolo ya agogo. Lero abwana amandisiyira makiyi a khola lonse, kuphatikizapo a ngolo yonyamulira mahatchi, imene kuno aliyense amangoti horsebox. Ndikulembera inu abale anga amene muli pantchito ngati yangayi, chifukwa ngoloyo si yanu, koma ikabedwa maso onse amagwera pa inu.

Ife tinaberedwapo kamodzi, mwezi wa July, kukuzizira koopsa. Magetsi anathima usiku monga ankachitira masiku amenewo, ndipo batire ya pageti inali itatha mphamvu kalekale popanda wina kulabadira. M'mawa ndikupita kukathira chakudya ndinapeza pamalo pa ngolo pali njerwa ziwiri zimene tinkatsamiritsa matayala, ndi mizere ya matayala pa udzu wa chisanu, yolunjika kugeti. Wapolisi atafika sanayambe n'kufunsa mtundu wa ngolo. Anati, "Amagona pano ndani?" Tinali awiri, ine ndi mnzanga wa ku Zimbabwe. Adona atafunsidwa nambala ya chassis, chimango chachitsulo chapansi pa ngolo, anayamba kuvundula madirowa, mapepalawo kunapezeka kuti ankakhala m'ngolo momwemo. Ngoloyo sitinaionenso. Abwana anandikhulupirira, koma ndikudziwa anzathu amene ntchito inawathera pa nkhani ngati imeneyi asanabe ngakhale msomali.

Ndiye ngolo ina itagulidwa ndinaitenga ngati yanga. Choyamba chimene ndinasintha sichinalire ndalama: kaimikidwe. Kale tinkaiimika mphuno italoza kugeti kuti pochoka tisavutike, osadziwa kuti tikupeputsira wakuba ntchito. Amangobwerera m'mbuyo ndi bakkie (pikapu), kukoleka hitch, chokolekera cha pamphuno pa ngolo, pa kampira kachitsulo kakumbuyo kaja, basi wapita. Timipira timeneti n'tofanana, ta mamilimita 50, kotero galimoto iliyonse yokhala nako ikhoza kukoka ngolo yanu. Pano mphuno imaloza kukhoma, ndipo kumbuyo kwake timaimikako thirakitala kapena galimoto ya abwana. Kuti munthu aitulutse ayenera kuyamba wasuntha zonsezo, kenako n'kuitembenuza ndi manja, ndipo ngolo ya mahatchi awiri si yotembenuza munthu mmodzi mumdima. Muiimikenso posaonekera kumsewu. Wakuba amayamba waona kaye masana.

Kenako maloko. Loko ya pa hitch imatseka pakamwa paja kuti kampira kasalowe. Ndi yofunika, koma payokha musaidalire, chifukwa anthuwa amatha kungomanga tcheni pa chitsulo chokokera n'kuikhwekhwereza mpaka pamalo pamene angadule mosaopa. N'chifukwa chake pamafunikanso chomangira tayala, chimene amati wheel clamp. Apa samalani pogula. Ngolo zambiri za mahatchi zili ndi matayala anayi, ndiye ngati chomangiracho sichiphimba mabawuti, wakuba amangoika jeke, kumasula tayala lonse pamodzi ndi chomangira chanucho, n'kuyenda ndi atatu otsalawo. Gulani chokhala ndi chimbale chophimba mabawuti. Adona ankafuna chotchipa, ndinawaonetsa ndi sipanala kuti ndikhoza kuchichotsa iwo asanamalize kapu ya tiyi.

Chachitatu ndi chimene ine ndimachikhulupirira kwambiri. Tinakumba dzenje, tinathira konkire, n'kumizamo chitsulo chokhala ndi mphete. Tcheni chokhuthala chimadutsa mumpheteyo n'kuzungulira chassis. Osamanga pa jockey wheel, katayala kakang'ono ka kutsogolo kaja, kapena china chilichonse chomasuka ndi sipanala. Tchenicho chikhale chokoka, chisagone pansi, chifukwa chikagona pakonkire wakuba amapeza pomenyera ndi hamala kapena potsamiritsa chodulira. Loko yake ikhale ya khosi lalifupi lobisika, pamalo povuta kufikapo ndi manja awiri.

Ndisakunamizeni, palibe chitsulo chimene grinder ya batire singadule. Koma grinder imalira, imathetheka moto, agalu amadzuka, mahatchi amayamba kumenya zitseko. Maloko atatu ndi phokoso katatu. Chimene mukugula ndi nthawi imeneyo, yoti wina adzuke n'kuyatsa tochi kapena kudina batani la alonda.

Pali mbali ina imene ogulitsa maloko sanena. Ngolo ya mahatchi ndi ambulansi. Hatchi ikagwidwa m'mimba pakati pa usiku, dokotala n'kunena kuti ithamangire kuchipatala cha ziweto cha ku Onderstepoort, simungayambe kufunsana kuti kiyi ya tcheni ali nayo ndani. Chimodzimodzi miyezi ya August ndi September, udzu ukauma mphepo n'kumakuntha, moto wa m'tchire ukhoza kufika pampanda nthawi ina iliyonse. Paja nkhanga zinapangana kusanapse. Ife makiyi onse atatu ali pa mphete imodzi, m'kabokosi kachitsulo ka manambala, m'nyumba osati m'chipinda cha zishalo. Odziwa manambalawo ndife atatu. Tinayesererapo masana, kumasula zonse mpaka kukoleka kugalimoto, kuti manja azolowere. Maloko ndimawathira mafuta mwezi uliwonse chifukwa fumbi la kuno limawaumitsa. Komanso ngolo ikamakhalitsa osayenda musaisiye pa handbrake, mabuleki amamatirira, tsamiritsani matayala.

Pambali pa kabokosiko pali kope. Aliyense wotenga makiyi amalemba tsiku, nthawi ndi kumene akupita, ngakhale abwana amene. Poyamba ankaseka. Ine kope limeneli ndi mboni yanga.

Tsopano za mapepala ndi zizindikiro. Kuno ku South Africa ngolo imalembetsedwa payokha: ili ndi nambala yakeyake, disiki ya layisensi ya chaka ndi chaka, ndiponso nambala ya VIN ya zilembo ndi manambala 17 pa chassis. Tengani foni lero mujambule nambala ya VIN, disiki, ndi ngolo yonse mbali zinayi. Mujambulenso zipsera zake: pamene hatchi inamenya n'kupinda chitsulo, pamene anawotcherera, mphira wapansi wong'ambika pakona. Wakuba amachotsa nambala n'kupaka penti ina, koma sawongola chilichonse chopindika. Zithunzizo tumizirani abwana pa WhatsApp kuti zikhale m'mafoni awiri. Chikalata cha umwini, RC1, chizikhala m'nyumba. Ife tinaphunzira mochedwa.

Kuyambira pa 1 September 2012 galimoto zatsopano kuno zimayenera kukhala ndi ma microdot. Ndi timadontho tating'ono ngati mchenga, zikwizikwi, timene amapopera malo osiyanasiyana, kalikonse kali ndi nambala yolozera ku galimotoyo, ndipo apolisi amatifufuza ndi nyali ya UV. Ngati ngolo yanu ndi yakale, funsani abwana ngati ilinato; ngati mulibe, akapopetse. Kuwonjezera apo ife tinalemba nambala ya ngolo padenga ndi penti, zilembo zikuluzikulu. Munthu ali pansi saziona, wakuba wothamanga sakwera kukasuzumira, koma kamera ya pamtengo kapena helikopita imaziona. Mkati, pansi pa mphira, ndinakhomamo chizindikiro changa chimene ndikudziwa ine ndi adona basi.

Nkhani ya tracker ndi imene anthu amasokonezeka nayo kwambiri. Tracker siletsa kuba, imangokuuzani kumene katundu wapita. Ndiponso ngolo si galimoto. Nyali zake zimadya magetsi a galimoto yoikoka kudzera pa pulagi, ikamasulidwa ilibe moto. Ndiye mukufunika tracker ya batire yakeyake. Zoterezi kuti batire ikhalitse zimagona, n'kumadzuka mwa apo ndi apo kunena pamene zili. Pogula funsani zinthu ziwiri: kodi ngolo ikangogwedezeka imatumiza uthenga pafoni nthawi yomweyo, nanga ikabedwa angaisinthe kuti izinena pafupipafupi? Funsaninso amene adzapite kukaitenga. Makampani ngati Tracker, Netstar ndi Cartrack ali ndi magulu awo olondola katundu wobedwa mogwirizana ndi apolisi, ndipo mumalipira mwezi ndi mwezi. Kachipangizo kogula nokha pa intaneti kamangokuonetsani kadontho pamapu, zotsalazo n'zanu. Abwana afunsenso a inshuwalansi kuti amavomereza tracker yotani, ndi maloko ati amene akufuna kuti azikhalapo, kuopa kudzakanidwa tsiku la tsoka.

Pobisa pamafunika nzeru za munthu wodziwa mahatchi, osati za wamagetsi yekha. Chitsulo chimatchinga GPS, ndiye mukaitsekera m'kati mwa chassis ikhala chete. Denga la fibreglass kapena pulasitiki zimalola. Koma isakhale pofika mlomo wa hatchi, chifukwa hatchi yotopa ndi ulendo imatafuna chilichonse. Isakhalenso pansi pofika mkodzo, umene umadya zitsulo ndi mawaya, kapena pamene mumalozetsa paipi potsuka. Woika tracker akabwera muuzeni zimenezi, kenako chokanipo. Ndikunena zoona: ine sindidziwa pamene tracker yaikulu ya ngolo yathu ili, ndipo ndinachita kupempha kuti asandiuze. Tsiku limene idzapezeke itazulidwa, palibe adzaloze ine.

Tinaikamonso kachiwiri kotchipa. AirTag ya Apple kapena SmartTag ya Samsung zilibe GPS, zimadalira mafoni a anthu odutsa pafupi: AirTag imafuna ma iPhone, SmartTag imafuna mafoni a Galaxy. Ku Sandton, kwa anthu olemera, ma iPhone ali mbwee, koma ngolo yobedwa sipita ku Sandton, ndiye ife tinasankha ya Samsung poti mafoni ake ndiwo ali m'matumba mwa anthu ambiri. Dziwani kuti tizipangizo timeneti anatipanga kuti tizichenjeza munthu amene tikuyenda naye, kotero foni ya wakubayo ikhoza kumuuza kuti pali chimene chikumutsata. Kumapulazi kopanda anthu sitinena kanthu. Ubwino wake ndi woti wakuba akakapeza amaganiza kuti wathana nazo, osafunanso chachikulu chija. Kabatire ka AirTag kamatha pafupifupi chaka, ndiye lembani tsiku losintha pakhoma la chipinda cha zakudya, pamene mumalemba masiku a mankhwala a njoka zam'mimba. Tsiku loyamba la mwezi uliwonse adona amatsegula foni kuona ngati zonse ziwiri zikuyankha.

Kumpikisano n'kumene timatayirira. Ngolo zimakhala mazana pabwalo limodzi, aliyense maso ali pa mwana wake amene akudumphitsa hatchi, ndipo munthu wokoleka ngolo kugalimoto palibe amamudabwa. Mukaimasula, ikani loko ndi chomangira tayala ngakhale mukungopita kukatunga madzi. Mukaisiya yokoleka, pali maloko otsekera hitch ili pagalimoto pomwepo. Muwerenge ngati yanuyo imaloledwa kuyenda nayo pamsewu, chifukwa zina n'zapoimika pokha.

Pakamwanso ndi geti. Munthu akaima pampanda n'kumacheza nanu za kumudzi, kenako n'kufunsa kuti abwana amapita liti kutchuthi, kapena ngati agalu amamasulidwa usiku, musayankhe, ndipo auzeni abwana tsiku lomwelo. Zithunzi za pa status zoonetsa geti, ngolo ndi pamene imagona, zisiyeni. Ndikudziwa timafuna akumudzi aone kuti tili pabwino, jambulani hatchiyo.

Zikachitika ndithu, musagwire kanthu pamalopo. Loko yodulidwa isiyeni pomwe yagwera, ijambuleni, mujambulenso mizere ya matayala, ndipo lembani nthawi imene munaiona ngolo komaliza ndi imene mwapeza palibe. Dzutsani abwana. Foni yoyamba ipite ku kampani ya tracker chifukwa iwo ndiwo angayambe kulondola pompo, yachiwiri kupolisi pa 10111. Mwini wake, amene dzina lake lili pa RC1, apite kupolisi kukatsegula mlandu n'kulandira nambala ya CAS, imene a inshuwalansi adzaifuna. Zithunzi zija zitumizidwe m'magulu a WhatsApp a m'dera ndi m'magulu a Facebook a anthu a mahatchi msangamsanga, ngolo isanasinthidwe penti kapena kulowera njira ya kumalire, ku Beitbridge kolowera ku Zimbabwe kapena ku Lebombo kolowera ku Mozambique. Anthu a mahatchi amadziwana, ndipo amazindikira ngolo ya mnzawo ngati mmene ife timazindikirira ng'ombe ya kwathu pamsika. Masabata otsatira muzisuzumira pa Facebook Marketplace ndi Gumtree.

Kadontho kakaima pamalo amodzi, musanyamuke nokha kapena ndi anzanu kuti mukaonetse kukhulupirika. Akuba amakonda kusiya katundu penapake tsiku limodzi kapena awiri, ali chapatali kuonerera ngati kubwere omulondola, ndipo ena amakhala ndi mfuti. Perekani malowo kwa apolisi ndi a tracker. Inuyo mukafunsidwa, nenani zimene munaona zokha, onetsani kope la makiyi, ndipo musasaine sitetimenti musanaiwerenge. Ngati Chingerezi cha pamenepo chikukuvutani, pemphani kuti wina akuwerengereni pang'onopang'ono, mzere ndi mzere, ndipo pamene alemba zimene simunanene akonze musanagwire cholembera.