Kasankhidwe ndi Kagwiritsidwe Ntchito ka ma Emulsifier Ochokera ku Shuga Popanga Loshoni

Aliyense wofuna kupanga loshoni kapena kirimu ayenera kukhala ndi chinthu chogwirizanitsa mafuta ndi madzi kuti zisalekane, chimene chimatchedwa emulsifier. Amene amachokera ku shuga ali ndi mbali ziwiri: ya shuga imakoka madzi, pamene ya mafuta, yochokera kawirikawiri ku kokonati kapena kanjedza, imalowa m'mafuta. Amakondedwa chifukwa sapsetsa khungu kawirikawiri. Komabe shuga wa m'golosale sangagwire ntchitoyi, pakuti kulumikiza mbali ziwirizi kumachitika m'fakitale.

Yambani ndi kuwerenga dzina pa paketi. Sucrose stearate ndi sucrose laurate amachokera ku shuga wa nzimbe, cetearyl glucoside amachokera ku glucose, ndipo Span ndi Tween amachokera ku sorbitol, yemwe amapangidwa kuchokera ku glucose. Dziwani kuti Tween, amene dzina lake lina ndi polysorbate, amapangidwa powonjezera ethylene oxide, choncho si chilungamo kulemba pa botolo kuti zonse zili mkatimo ndi zachilengedwe.

Kenako onani nambala ya HLB, muyeso umene William Griffin wa kampani ya Atlas Powder ku America anaufalitsa mu 1949. Muyesowu umayambira pa 0 kufika pa 20, ndipo nambala ikakhala yotsika ndiye kuti emulsifier akukonda mafuta, ikakhala yokwera akukonda madzi. Span 60 ali pa 4.7, Tween 60 pa 14.9. Mafuta aliwonse ali ndi nambala yake imene amafuna, ndipo mumaifikira posakaniza awiriwa. Ngati mafuta anu akufuna 10, chotsani 4.7 pa 10, mupeza 5.3, chotsaninso 4.7 pa 14.9, mupeza 10.2, mukagawa 5.3 ndi 10.2 mupeza 0.52, kutanthauza kuti pa magalamu 5 a emulsifier, 2.6 akhale Tween 60 ndipo 2.4 akhale Span 60. Nambalayi ndi poyambira chabe, siilowa m'malo mwa kuyesa.

Kwa woyamba kumene, makamaka amene akugwiritsa ntchito mafuta a malambe, a chammwamba kapena a mpendadzuwa, ndimalimbikitsa cetearyl glucoside yemwe amagulitsidwa atasakanizidwa kale ndi cetearyl alcohol, chifukwa safuna masamu onsewa. Pa magalamu 100 a loshoni, yezani pa sikelo magalamu 75 a madzi oyeretsedwa kudzera mu nthunzi (distilled water), 15 a mafuta, 5 a emulsifier, 4 a glycerin, 0.2 a xanthan gum wolimbitsa loshoni ndi 0.8 a phenoxyethanol woiteteza kuti isavunde. Musayeze ndi supuni.

Tenthetsani mafuta pamodzi ndi emulsifier m'chiwiya chimodzi, madzi m'chiwiya china, zonse zifike pakati pa madigiri 75 ndi 80. Xanthan gum muyambe mwamufikisa mu glycerin musanamuthire m'madzi, apo ayi apanga timibulu tosasungunuka. Thirani mafuta m'madzi pang'onopang'ono uku mukutakasa ndi makina othamanga kwa mphindi ziwiri kapena zitatu, ndipo muona madzi oyera mbee ngati mkaka, opyapyala kwambiri moti mungaganize kuti zakanika. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa powonjezera emulsifier. Musatero. Siyani makinawo, takasani ndi dzanja mofatsa mpaka zizizire, chifukwa ndi nthawi yozizirayi pamene emulsifier amadziyala m'timiyalo topyapyala totsekera madzi, ndipo loshoni imapitiriza kulimba mpaka tsiku lotsatira. Ngati mwasankha sucrose stearate, musamusiye pamoto nthawi yaitali popeza amafiira, ndipo amaphwasuka msanga m'zinthu za asidi wambiri kapena za soda wambiri.

Kutentha kukatsika kufika pa madigiri 40, thirani phenoxyethanol, kenako yezani pH, muyeso wa asidi, kuti ikhale pakati pa 5 ndi 5.5, pafupi ndi ya khungu. Nkhani yoteteza loshoni kuti isavunde ndi imene ndimaiona kuti ikunyalanyazidwa kwambiri ndi opanga ang'onoang'ono, ena poganiza kuti chochokera ku shuga chimadzisunga chokha. Chilichonse chokhala ndi madzi chimamera nkhungu ndi mabakiteriya, ndipo loshoni yovunda ikhoza kuyambitsa zilonda pakhungu la mwana ngakhale isananunkhe. Kumbukiraninso kuti ma polysorbate amafooketsa mphamvu ya zotetezera zotchedwa ma paraben, choncho muziona ngati chotetezera chanu chikugwirizana ndi emulsifier amene mwasankha.

Musanagulitse, sungani botolo limodzi m'chipinda, lina mufiriji, lina pamalo otentha madigiri 40 kwa miyezi itatu, ndipo muziyang'ana ngati mafuta akuyandama pamwamba, fungo lasintha kapena pH yatsika. Loshoni yolephera pamenepa singapirire kutentha kwa ku Nsanje m'mwezi wa Okutobala.

Za mankhwala akuchipatala n'zosiyana. Polysorbate 80 amapezeka pang'ono kwambiri m'makatemera ndi m'mankhwala ena obaya, kumene amaletsa mapuloteni kuunjikana kapena kumatirira ku galasi, koma amene amagwiritsidwa ntchito kumeneko ndi woyeretsedwa mwapadera ndipo amasungidwa kutali ndi kuwala ndi mpweya kuti asawonongeke. Wogulidwa kuti apangire zodzola sayenera kulowa m'mankhwala akumwa, odontheza m'maso kapena obaya, ndipo ku Malawi kupanga mankhwala otere kumafuna chilolezo cha bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority.