Mmene Mungakonzere Ulendo Wokaona Chikondwerero cha Zaluso cha Aichi ndi Mzinda wa Nagoya

Kamodzi pa zaka zitatu zilizonse, chigawo cha Aichi m'dziko la Japan chimachititsa chikondwerero cha zaluso zamakono chotchedwa Aichi Triennale, ndipo phata lake ndi Nagoya, mzinda wa anthu pafupifupi 2.3 miliyoni umene uli pakati pa Tokyo ndi Osaka. Chikondwererochi chinayamba mu 2010, chimatenga miyezi yoposa iwiri, ndipo cha mu 2025 chinachitika kuyambira pa 13 Seputembala mpaka pa 30 Novembala motsogozedwa ndi Hoor Al Qasimi wa ku Sharjah m'dziko la United Arab Emirates. Ntchito za amisiri siziikidwa m'nyumba imodzi ayi. Zina zimakhala m'myuziyamu, koma zambiri zimamwazidwa m'masitolo akale, m'mafakitale amene analeka kugwira ntchito, m'sukulu zotsekedwa ndiponso m'matauni ang'onoang'ono ozungulira mzindawu. Chifukwa cha ichi, mlendo wanzeru sakonza maulendo awiri, wina wa zaluso ndi wina wokaona malo. Amatenga mapu a chikondwerero kuti ndiwo amutsogolere, ndipo malo otchuka a mzinda amawaika m'mipata yotsala.

Musanagule tikiti ya ndege, fufuzani kaye malo amene okonza asankha m'chaka chimenecho, pakuti amasintha ulendo uliwonse. Mu 2010 anagwiritsa ntchito dera la Choja-machi, kumene kale kunali malonda a nsalu za pikulitsa. Mu 2013 anafika ku Okazaki, mu 2019 ku Toyota ndi ku misewu yakale ya Shikemichi ndi Endoji, mu 2022 ku Ichinomiya, Tokoname ndi Arimatsu, ndipo mu 2025 ku Seto. Malo okhawo amene sanasinthepo ndi Aichi Arts Center, nyumba yaikulu ya m'dera la Sakae imene inatsegulidwa mu 1992. Pa nthawi yomweyo funsani ku ofesi ya kazembe wa Japan za chitupa cha visa, ndipo lingaliraninso za nyengo. Nagoya ndi wodziwika ndi kutentha kwachinyontho mu Julayi ndi Ogasiti, ndipo mphepo zamkuntho zimakonda kuwomba mu Ogasiti ndi Seputembala, kotero ngati mungathe kusankha, pitani m'masabata a kumapeto kwa chikondwerero pamene kunja kwayamba kuzizira, ngakhale kuti sabata yomalizira yeniyeni kumadzaza anthu.

Kufika sikovuta. Bwalo la ndege la Chubu Centrair, limene linatsegulidwa mu 2005 pa chilumba chochita kumanga pafupi ndi Tokoname, lili pa mtunda wa theka la ola pa sitima ya kampani ya Meitetsu kuchokera ku siteshoni ya Nagoya. Amene atera ku Tokyo angakwere sitima yaliwiro ya Shinkansen, imene imatenga pafupifupi ola limodzi ndi mphindi 40. Pezani malo ogona pafupi ndi Sakae kapena Fushimi, chifukwa masiteshoni awiriwa ali pa njanji ya pansi pa nthaka ya Higashiyama, imene imakafikanso ku siteshoni yaikulu. Gulani khadi la manaca, limene mumaikamo ndalama n'kumangoligunditsa pachipata cha sitima kapena pokwera basi. Loweruka, Lamlungu, masiku a tchuthi ndiponso pa 8 mwezi uliwonse pamakhala tikiti yotchipa yotchedwa Donichi Eco Kippu, imene imakulolani kukwera mabasi a mzinda ndi sitima za pansi tsiku lonse, koma siigwira ntchito pa sitima za Meitetsu zopita ku matauni a kunja.

Pa tikiti ya chikondwerero chenicheni, m'zaka zapitazi okonza akhala akugulitsa mitundu iwiri: ya tsiku limodzi ndi ina yogwira ntchito nyengo yonse. Ine ndikulangizani kuti mugule yachiwiriyo ngakhale mutakhala masiku atatu okha. Tikiti ya tsiku limodzi imamupatsa munthu mtima wothamanga, ndipo wothamanga amangodutsa pa zinthu zimene zimafuna kukhala pansi. Ntchito zambiri zamakono ndi mafilimu otenga mphindi 20 kapena kuposerapo, ndipo amene walowa pakati n'kutuluka filimu isanathe sanaone kanthu. Zisudzo, magule ndi nyimbo za papulatifomu zimakhala ndi matikiti akeake amene ndi bwino kugulira pa intaneti nthawi ikadalipo.

Yambirani ku Aichi Arts Center ndipo muipatse tsiku lathunthu. Zionetsero zimakhala m'nsanja za pamwamba, makamaka yachisanu ndi chitatu ndi yachikhumi, ndipo apa ndi pamene mutu wa chikondwerero umaonekera bwino, kotero zimene mukaone kwina zidzamveka mosavuta. Siyani chikwama chachikulu m'timabokosi totsekera ta pakhomo, tengani mapu a pepala, ndipo funsani anthu ongodzipereka amene amalondera zipinda, pakuti amadziwa ntchito zimene zili ndi mzere wautali ndi nthawi imene mzerewo umachepa. Onetsetsani chizindikiro musanajambule chithunzi, chifukwa chilolezo chimasiyana pa ntchito iliyonse. Dziwaninso kuti zaluso za kuno sizongokometsa maso. Mu 2019 gawo lina la chionetsero, m'mene munali chosema cha mtsikana woimira akazi amene anazunzidwa ndi asilikali a Japan pa nthawi ya nkhondo, linatsekedwa patangopita masiku atatu chifukwa cha ziopsezo, ndipo linatsegulidwanso mu Okutobala chikondwerero chili pafupi kutha. Madzulo mukatuluka, denga la galasi la Oasis 21, limene pamwamba pake pali madzi, lili pomwepo, ndipo nsanja ya wailesi ya kanema ya mu 1954 ili chapafupi.

Masiku otsatira apatseni matauni a kunja, tauni imodzi pa tsiku, pakuti kumeneko ndiko kuli mtima wa chikondwererochi. Mu 2022 ku Tokoname ntchito zina zinaikidwa m'fakitale yakale youmba mapaipi a dothi, m'mbali mwa kanjira kokwera phiri kamene makoma ake anamangidwa ndi mapaipi ndi mitsuko yakale. Ku Ichinomiya, tauni ya nsalu za ubweya, Chiharu Shiota anaika ntchito yake ya ulusi wofiira m'fakitale yoluka nsalu ya denga looneka ngati mano a sowo. Ku Arimatsu, mudzi umene unakhazikitsidwa mu 1608 m'mbali mwa msewu wakale wa Tokaido ndipo umadziwika ndi luso lomanga nsalu ndi ulusi asanainyike mu utoto, alendo ankalowa m'nyumba za amalonda akale. Seto nayo ndi tauni ya zoumba, yotchuka kwambiri kotero kuti Ajapani ambiri amatchula mbale ndi makapu a dothi ndi dzina lake, ndipo imafikika pa njanji ya Meitetsu yochokera ku siteshoni ya Sakaemachi m'dera la Sakae. M'malo otere mmisiri amakhala atayankhula ndi nyumbayo ndi mbiri ya anthu amene ankagwiramo ntchito, ndipo mlendo amene wawerengako pang'ono za ntchito ya tauniyo asanafike amaona zambiri kuposa mnzake. Ngakhale chikondwerero chitasamukira kwina, matauni amenewa ndi oyenera kuwayendera, chifukwa ng'anjo za zoumba ndi nyumba zonyikira nsalu zikadalipo.

Kumbukirani kuti m'misewu imeneyi mumakhala anthu. Yankhulani motsitsa mawu, musajambule makomo a eni ake, ndipo zinyalala zanu muzisunge m'thumba popeza mabini ndi osowa. M'nyumba zakale mudzavula nsapato kangapo pa tsiku, choncho valani zosavuta kuvula ndi masokosi abwino. Nyamulaninso ndalama za yen m'manja, chifukwa timasitolo tina sitilandira makhadi.

Samalani kwambiri za masiku otsekera. Mamyuziyamu ambiri a ku Japan satsegula Lolemba, ndipo malo a chikondwerero a m'matauni a kunja angakhale ndi tsiku lawo losiyana, kotero onani ndandanda ya malo alionse paokha. Lolemba ndilo tsiku loyenera kukaona linga la Nagoya, limene Tokugawa Ieyasu, mtsogoleri wankhondo amene ankalamulira Japan, analamula kuti limangidwe mu 1610. Linapsa ndi mabomba mu 1945, ndipo nsanja yake inamangidwanso ndi simenti mu 1959, koma yakhala yotsekedwa kuyambira mu 2018 chifukwa cha nkhawa ya zivomerezi. Musakhumudwe nazo, pakuti nyumba yachifumu ya Hommaru, imene anamaliza kuimanganso ndi matabwa mu 2018, ili ndi zitseko zojambulidwa akambuku pa golide, ndipo ndiyo yoyeneradi nthawi yanu. Masana pitani ku kachisi wa Atsuta, amene amalemekezedwa monga mosungira lupanga lopatulika la Kusanagi, ngakhale kuti lupangalo silionetsedwa kwa anthu. Madzulo malizirani ku kachisi wa Osu Kannon ndi misewu ya malonda yofoleredwa imene yamuzungulira.

Malo awiri ena amagwirizana bwino ndi chikondwerero, koma onse amatseka Lolemba. Tokugawa Art Museum, imene inatsegulidwa mu 1935, imasunga chuma cha banja la Owari Tokugawa, limene kale linkalamulira dera la Nagoya. Toyota Commemorative Museum of Industry and Technology ili m'fakitale yakale ya njerwa zofiira, ndipo imaonetsa mmene kampani ya magalimoto inayambira pa makina oluka nsalu, zimene zimathandiza kumvetsa chifukwa chake nsalu zimabwerabwera m'nkhani za chigawo chino. Basi ya alendo yotchedwa Me~guru imadutsa pa malo onse awiriwa ndi palinga pomwe, ngakhale kuti nayonso siyenda Lolemba.

Za chakudya, yambani tsiku m'nyumba ya khofi, chifukwa ku Nagoya ndi ku Ichinomiya kuli mwambo woti munthu akagula khofi m'mawa amapatsidwanso buledi wootcha ndi dzira lowiritsa. Masana kishimen, chakudya cha ufa wa tirigu chodulidwa m'timizere taphanthiphanthi, chimapezeka mwachangu ngakhale pa siteshoni. Hitsumabushi, nsomba yonga mkunga yootcha yoikidwa pa mpunga, ndi yokwera mtengo ndipo m'malo otchuka pamakhala mzere wautali, choncho muisungire tsiku limene simukuthamangira sitima. Simufunika kusiyira operekera zakudya ndalama yapadera. Ndipo mukamakwera masitepe oyenda okha m'masiteshoni, imani chilili osayenda, chifukwa kuyambira mu Okutobala 2023 lamulo la mzinda wa Nagoya limatero.