Mawotchi a pa netiweki: kuwatchera ndi kuwayang'anira muli pa kompyuta imodzi

Pasukulu yaikulu, pachipatala kapena pafakitale pamakhala mawotchi a pakhoma ambirimbiri, koma kupeza awiri ogwirizana n'kovuta. Ya m'holo ikuti 8 koloko yakwana, ya muofesi ikuti kwatsala mphindi zinayi, ya kukhitchini inaima kale batire itatha. Masiku wamba anthu amangozolowera. Zimadzavuta pa mayeso a MANEB, pamene chipinda china chatolera mapepala china chikulembabe, kapena kuchipatala pamene nthawi imene namwino walemba kuti wodwala walandira mankhwala ikusiyana ndi ya mukompyuta.

Sikuti mawotchiwo ndi achabechabe ayi. Wotchi wamba ya batire imawerenga nthawi pogwiritsa ntchito kamwala ka quartz kamene kamanjenjemera ka 32,768 pa sekondi imodzi. Kutentha ndi kuzizira kumasintha kanjenjemeredwe kameneka pang'ono, ndiye wotchi imathamanga kapena kutsalira pang'onopang'ono tsiku ndi tsiku. Onjezanipo kuti aliyense woikonza amaonera pa foni kapena wotchi yake yapamkono, mupeza kuti teremu isanathe mawotchi abalalika.

Mawotchi a pa netiweki anabwera kudzathetsa vuto limeneli. Wotchi iliyonse imalumikizidwa ndi chingwe chonga cha kompyuta, ndipo imafunsa nthawi pafupipafupi kwa seva, kompyuta yotumikira zipangizo zina pa netiweki, kudzera mu njira yotchedwa NTP. Njirayi anaikonza ndi David Mills wa ku University of Delaware ku America, ndipo inalembedwa koyamba mu 1985. Mpaka lero makompyuta ambiri padziko amatchera nthawi yawo ndi yomweyi. Pamwamba pake pali pulogalamu imene imakuonetsani mawotchi onse pa sikirini imodzi, kuti musamayende ndi makwerero chipinda ndi chipinda. Koma mudziwiretu: pulogalamuyo siipanga nthawi. Ntchito yake ndi kuuza mawotchi kokafunsa, ndi kukuuzani inu wotchi imene yasiya kufunsa. Mukalakwitsa gwero la nthawi, mawotchi onse adzalakwa mogwirizana bwinobwino.

Yambani ndi gwero la nthawi

Mu NTP magwero amaikidwa m'magulu otchedwa stratum. Stratum 0 ndi gwero lenileni, monga wotchi ya atomiki kapena kachipangizo kolandira nthawi kuchokera ku masetilaiti a GPS. Seva yolumikizidwa mwachindunji ku gwero limeneli ndi stratum 1, yofunsa kwa iyo ndi stratum 2, kumangotsika choncho mpaka 15. Mukaona 16 pa sikirini, dziwani kuti chipangizocho sichikulandira nthawi kulikonse.

Langizo langa ndi lakuti mukhale ndi seva imodzi ya nthawi pamalo panu pomwepo. Mawotchi onse azifunsa kwa iyo, ndipo iyo yokha ndiyo izifunsa kunja. Ena amatchera wotchi iliyonse kuti izidzifunsira pa intaneti, poti n'zosavuta. Tsiku limene intaneti yaduka, kapena bandulo yatha mwezi usanathe, wotchi iliyonse imayamba kuyenda payokha. Pamene seva ili pakhomo, ngakhale intaneti iduke sabata yathunthu, seva ikhoza kutsetsereka pang'ono koma mawotchi onse atsetserekera limodzi, ndipo pasukulu kapena pafakitale chofunika kwambiri ndi kugwirizanako.

Seva imeneyi siyenera kukhala yodula. Kompyuta yaing'ono ya Linux yokhala ndi pulogalamu ya chrony imakwanira. Ngati muli kale ndi seva ya Windows yoyang'anira makompyuta a muofesi, imeneyonso ikhoza kugawa nthawi mukaitchera kutero. Kunja izifunsa ku maseva aulere a pool.ntp.org, amene ali ndi gawo la kuno kwathu lotchedwa africa.pool.ntp.org. Muipatse magwero anayi, osati awiri. Awiri akasemphana seva siidziwa wonama ndi uti, koma akakhala angapo imataya amene wapatuka. Musasakanizenso maseva a Google ndi a pool. Dziko likaonjezera sekondi yapadera pa nthawi, monga linachitira komaliza kumapeto kwa 2016, Google imaimwaza sekondiyo pang'onopang'ono kwa maola ambiri pamene enawo amaiika kamodzi, ndiye pa tsikulo magwero anu adzatsutsana.

Kumene intaneti ndi yosadalirika, kapena kuchipatala kumene nthawi ndi nkhani ya moyo, gulani seva ya GPS, monga zimene amapanga a Meinberg a ku Germany. Imeneyi siifuna intaneti n'komwe. Mlongoti wake uikidwe padenga pamene ukuona thambo mbali zonse, osati pansi pa mtengo wa mango kapena m'mphepete mwa thanki ya madzi. Ndipo poti dzinja lathu limabwera ndi ziphaliwali, musaumire ndalama yogulira kachipangizo kotchinga mphenzi pa chingwe cha mlongotiwo. Popanda kameneka, chingwe chimene chimabweretsa nthawi chidzabweretsanso moto m'chipinda cha maseva.

Zingwe ndi magetsi

Mawotchi ambiri a mtunduwu amalandira magetsi kudzera mu chingwe cha netiweki chomwecho, njira yotchedwa PoE. Muyezo wake woyamba, IEEE 802.3af wa mu 2003, umalola mawati 15.4 pa bowo lililonse la switch, kabokosi kamene zingwe za netiweki zimakumanirapo, ndipo wotchi wamba ya m'kalasi siidya ofika pamenepo. Komabe onkhetsani mawati a mawotchi onse muyerekeze ndi amene switch yanu imatha kupereka pamodzi, makamaka ngati makamera ndi mafoni a muofesi akudyera pomwepo. Mawotchi akuluakulu a manambala owala mbali ziwiri amadya kwambiri kuposa a mivi. Chingwe chisapitirire mamita 100 kuchokera pa switch. Holo kapena hositelo ikakhala patali, ikani switch ina kumeneko.

Ubwino wa PoE kuno kumene magetsi amazimazima ndi wakuti mukateteza malo amodzi mwateteza onse. Lumikizani switch ndi seva ya nthawi ku UPS, kachipangizo ka batire kopereka magetsi akazima, kapena ku mabatire a sola, mawotchi onse akhalabe amoyo. Magetsi akathima n'kuyakanso, mawotchi ambiri a mivi amayamba apita pa 12 koloko, kuima pang'ono, kenako n'kuzungulira mofulumira mpaka pa nthawi yoyenera. Auzeni alonda ndi osesa kuti imeneyo si nthenda. Wina akaitsitsa n'kuyamba kukankha mivi ndi chala, ndiye kuti waiwononga.

Kutchera pulogalamu

Kampani iliyonse ili ndi pulogalamu yakeyake. Mwachitsanzo a Mobatime a ku Switzerland ali ndi yotchedwa MOBA-NMS. Mawotchi ena alibe pulogalamu yapadera, mumangolemba IP address yake, nambala imene imadziwika nayo pa netiweki, mu browser n'kulowa. Kawirikawiri pulogalamu ya kampani ina siyendetsa mawotchi a kampani ina, ngakhale onse amamva NTP. Choncho musagule apa asanu, apo atatu, potsata kutchipa; mudzakhala ndi mapulogalamu atatu pa ntchito imodzi.

Musanapachike wotchi iliyonse, lembani m'kaundula MAC address yake, nambala yakeyake yochokera nayo kufakitale imene imakhala pa kapepala kumbuyo, pamodzi ndi chipinda chimene ikupita. Ntchito imeneyi imaoneka yotopetsa, koma mukailumpha, pulogalamu idzakuonetsani mndandanda wa manambala okhaokha osadziwa kuti iyi ndi ya kuti, ndipo mudzabwerera ku makwerero aja. Ikani pulogalamuyo pa kompyuta imene ili pa gawo limodzi la netiweki ndi mawotchi, kenako iuzeni ifufuze. Ikapanda kupeza kanthu musathamangire kunena kuti mawotchi ndi akufa. Uthenga wofufuzira nthawi zambiri sudutsa router, chipangizo cholumikiza magawo a netiweki, ndiponso firewall, pulogalamu yotchinga mauthenga osaloledwa, ya pa kompyuta yomweyo ikhoza kuutsekereza. Zikatero lolezani pulogalamuyo mu firewall, kapena lembani nokha ma IP address a mawotchiwo.

Akapezeka, apatseni mayina a malo amene munthu aliyense angamve: Holo, Labu ya sayansi, Wodi ya amayi, Geti. Pa DHCP, imene imagawira zipangizo ma IP address, sungirani wotchi iliyonse adiresi yosasintha pogwiritsa ntchito MAC address ija. Pomwepo pali option 42, imene imauza chipangizo chilichonse adiresi ya seva ya nthawi. Mukailemba, wotchi yatsopano imene imamva option imeneyi imangodziwa yokha kofunsa mukangoilumikiza. Sinthani password imene inabwera ndi mawotchi tsiku lomwelo, chifukwa imalembedwa m'kabuku kamene aliyense angakapeze pa intaneti, ndipo pasukulu sipasowa mwana wochenjera wofuna kuti buleki ifulumire. Kenako agaweni m'magulu, kuti mukafuna kuchepetsa kuwala kwa mawotchi a m'mawodi usiku, kapena kusintha kuchoka pa maola 12 kupita pa 24, muzisintha gulu lonse kamodzi.

Tsopano pamene ambiri amagwa. NTP imatumiza nthawi ya dziko lonse yokha, UTC. Siidziwa kuti wotchi ili ku Zomba kapena ku Paris. Wotchiyo, kapena pulogalamu, ndiyo imaonjezera maola a dera. Malawi ali pa UTC+2 chaka chonse, chimodzimodzi Zambia, Mozambique, Zimbabwe ndi South Africa, ndipo sitisintha mawotchi nyengo ikasintha. Pa mndandanda sankhani Africa/Blantyre, kapena lembani +2 n'kuzimitsa paliponse palembedwa DST kapena daylight saving.

Chifukwa chake n'chotere. Mawotchi ena opangidwa ku Ulaya amabwera atatcheredwa kale pa nthawi ya mayiko monga Germany, France ndi Switzerland. Mayiko amenewa amakhala pa UTC+1, koma kuyambira Lamlungu lomaliza la Malichi mpaka Lamlungu lomaliza la Okutobala amakankhira mawotchi patsogolo ndi ola limodzi, n'kukhala pa UTC+2, ndendende ngati ife. Ndiye mukapachika mawotchi mu Juni, aonetsa nthawi yolondola osakhudza kalikonse. Woika alandira ndalama zake, nonse mukhutira. Kumapeto kwa Okutobala, usiku wa Loweruka kulowa Lamlungu, onse abwerera m'mbuyo ndi ola lathunthu, Lolemba m'mawa belu n'kulira mochedwa. Musakhulupirire zimene wotchi ikuonetsa pakhoma tsiku loipachika. Lowani mu pulogalamu muone dera limene lalembedwa, wotchi ndi wotchi. Mabungwe amene ali ndi nthambi kutsidya kwa Songwe akumbukirenso kuti Tanzania ili pa UTC+3, ndiye mawotchi akumeneko akhale m'gulu lawolawo.

Kuyang'anira muli kutali

Zonse zikayamba kuyenda, zinthu ziwiri ndizo muziyang'ana pa sikirini: nthawi imene wotchi iliyonse inalandira nthawi komaliza, ndi kusiyana kwake ndi seva. Wotchi imene yaduka ku seva siima pompo. Imapitirira kuyenda ndi quartz yake, ikuoneka bwinobwino, n'kumatsetsereka mwakachetechete kwa milungu. N'chifukwa chake muyenera kutchera pulogalamu kuti izitumiza imelo wotchi ikatha tsiku osalankhula ndi seva. Ngati muli kale ndi pulogalamu yoyang'anira netiweki yonse, mawotchi ambiri amatha kuitumizira machenjezo kudzera mu njira yotchedwa SNMP. Imeloyo izipita ku adiresi ya ofesi imene anthu awiri kapena atatu amatsegula, osati kwa munthu mmodzi amene mawa akhoza kusamutsidwa.

Kuti muzilowa muli kunyumba kapena ku likulu la bungwe, gwiritsani ntchito VPN, njira yotetezedwa yolowera mu netiweki yanu kudzera pa intaneti. Musatsegulire mawotchi kapena seva ya nthawi khomo lolunjika pa intaneti. M'zaka za 2013 ndi 2014 achiwembu anagwiritsa ntchito maseva a NTP osatetezedwa kukhuthulira mauthenga ochuluka pa mawebusaiti a anthu ena mpaka kuwagwetsa, eni maseva osadziwa. Seva yanu iziyankha za m'nyumba zokha.

Kampani ikatulutsa firmware yatsopano, pulogalamu ya mkati mwa wotchi, yesani kaye pa wotchi imodzi imene mungaifikire mosavuta, muione kwa masiku angapo, kenako mutumize kwa ena onse. Musachite zimenezi sabata ya mayeso, ndiponso musayambe ngati UPS ilibe mphamvu, chifukwa magetsi akathima ntchitoyi ili pakati wotchi ikhoza osadzukanso. Sungani fayilo ya matcheredwe onse pamalo ena kunja kwa kompyutayo. Ndipo poti seva ya nthawi ilipo kale, lozaninso kwa iyo makamera a CCTV, makina odindira chala polowa ntchito, makina oimbira belu ndi makompyuta onse. Pa netiweki ya Windows, kompyuta ikasiyana ndi seva kupitirira mphindi 5 ikhoza kukana kuti munthu alowe, ngakhale password yake ili yolondola.

Wina akadzakuimbirani kuti nthawi yalakwika, mufunseni mafunso awiri musananyamuke: ndi mawotchi angati, nanga alakwa ndi nthawi yochuluka bwanji? Akasiyana ndi ola lathunthu kapena maola awiri ndendende, mphindi zili zolondola, vuto ndi dera la nthawi, ndipo mulikonza muli pampando. Onse akatsalira mofanana ndi masekondi kapena mphindi zochepa, pitani ku seva muone ngati ikulandirabe kuchokera kunja; kawirikawiri mupeza kuti wina wasintha firewall n'kutseka UDP port 123, imene NTP imadutsira, kapena chingwe cha mlongoti wa GPS chaduka. Mawotchi a nyumba imodzi akasowa onse pa sikirini, ndi switch ya nyumbayo kapena magetsi ake. Ikakhala imodzi yokha, yambani mwazimitsa n'kuyatsanso bowo lake pa switch ngati switch yanu imalola kutero muli kutali. Ikakanabe, pamenepo ndiye tengani makwerero ndi chingwe china chimene mukudziwa kuti ndi chabwino, mukaiyesere pafupi ndi switch musanaweruze kuti yafa.