Kagulidwe ka zimbale za Hawkwind kosataya nako ndalama

Gulu loimba la Hawkwind linayamba mu 1969 ku Ladbroke Grove mumzinda wa London, ndipo mwa onse amene analiyambitsa watsalamo ndi Dave Brock yekha. Zimbale zolembedwa dzina la gululi n'zambirimbiri, zina zabwino, zina zongodyera anthu ndalama. Ndiye musagule chisawawa.

Yambani ndi Space Ritual cha 1973. Anachijambula akuimba pamaso pa anthu ku Liverpool ndi ku Brixton mu Disembala 1972. Ndi malekodi awiri, mbali zinayi, pafupifupi ola ndi theka. Nyimbo zake n'zolumikizana, pakati pali ndakatulo ndi kulira kwa makina, choncho mverani kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Mukazisakaniza pafoni mumangomva phokoso loduka mutu. Tcherani khutu ku gitala ya besi ya Lemmy, mmodzi wa oimba m'gululi, amene amaikwapula ngati gitala wamba.

Ambiri amapusa apa: nyimbo ya Silver Machine, imene inafika pa nambala 3 pa mndandanda wa nyimbo zogulidwa kwambiri ku Britain mu 1972, mulibe mu malekodi oyambirira a Space Ritual. Inatuluka payokha, ndiye werengani kaye mndandanda wa nyimbo kuseri kwa chikuto.

Kenako bwererani ku In Search of Space (1971) ndi Doremi Fasol Latido (1972), mudzafike ku Warrior on the Edge of Time (1975). Apa mpamene Lemmy anathera. Anamuchotsa atamangidwa pamalire a Canada, iye n'kukayambitsa gulu la Motörhead.

Zikatero nyimbo zimasintha. Robert Calvert, wobadwira ku Pretoria, atakhala woimba wamkulu, nyimbo zinafupika ndipo mawu anayamba kumveka bwino. Cha nthawi imeneyi tengani Quark, Strangeness and Charm (1977). Musadabwe ndi dzina la Hawklords pa chimbale cha 1978, ndi Brock ndi Calvert omwewo. Okonda ng'oma atenge Levitation (1980), momwe muli Ginger Baker.

Posamala kwambiri ndi pa zimbale zotchipa. Bring Me the Head of Yuri Gagarin ndi zoimba za mu 1973 zojambulidwa moipa, mawu ali pansi ngati akuchokera m'chitini, koma zakhala zikugulitsidwa mobwerezabwereza ndi mayina ena ndi zikuto zatsopano. Musadalire dzina. Yerekezerani mndandanda wa nyimbo ndi zimene muli nazo kale, ndipo onani kampani. Zakale zenizeni zinatuluka ku Liberty, United Artists, Charisma ndi Bronze. Pa ma CD a zimbale zoyambira 1976 mpaka 1997, funani a kampani ya Atomhenge.