Momwe mungagwiritsire ntchito foni kudziwa ngati golosale yanu ikupindula

Eni magolosale ambiri ku Ndirande, Bangwe kapena Chirimba amatsegula mbandakucha n'kutseka usiku, koma mukawafunsa katundu amene amawabweretsera phindu, amatchula amene amatha msanga. Ziwirizi n'zosiyana. Shuga akhoza kutha tsiku lililonse n'kumasiya ndalama yochepa kuposa sopo amene amayenda pang'onopang'ono. Foni yanu ikhoza kukuonetsani kusiyanaku, bola muziilembera zoona tsiku ndi tsiku.

Choyamba: sankhani funso limodzi

Musayambe ndi kulemba chilichonse chimene chili pa shelefu, mutopa sabata isanathe. Sankhani chimene chikukusowetsani tulo. Kodi mpamba ukuchepa chifukwa cha ngongole? Kodi ndi katundu uti amene akungokhala? Mukapeza funso, sankhani mitundu khumi kapena khumi ndi isanu ya katundu imene imadya ndalama zambiri pooda, monga shuga, mafuta ophikira, sopo, mazira, buledi ndi zakumwa. Maswiti ndi machesi zibwera pambuyo.

Chachiwiri: konzani tebulo

Ikani pa foni Google Sheets, pulogalamu yolembera matebulo ndi kuwerengera masamu. Ndi yaulere, ndipo mukasankha kuti fayilo izitsegukabe popanda intaneti, mutha kulemba ngakhale bando itatha. Pamzere woyamba lembani mitu iyi, uliwonse m'bokosi lake: tsiku pa A, katundu pa B, kuchuluka kwa zimene zagulitsidwa pa C, mtengo woodera pa D, mtengo wogulitsira pa E, ndi njira yolipirira pa F, kaya ndi kashi, Airtel Money, Mpamba kapena ngongole. Pa G, pamzere wachiwiri, lembani =(E2-D2)*C2 kenako mukopere m'mabokosi a pansi pake. Foni iziwerengera yokha phindu la mzere uliwonse.

Pali kanthu kamene kamasokoneza anthu ambiri: dzina la katundu lizilembedwa mofanana nthawi zonse. Mukalemba "shuga" lero, mawa "suga", mkuja "shuga 1kg", foni iziona ngati ndi zinthu zitatu, ndipo masamu onse asokonekera. Ngati m'golosale mumasinthana ndi mwana kapena wantchito, gwirizanani kalembedwe tsiku loyamba lomwelo.

Simukuyenera kugwira foni pa kasitomala aliyense. Werengani katundu potsegula, muwerengenso potseka, n'kulemba kusiyana kwake. Zimene mwatengera kunyumba muzilembenso. Paketi ya shuga imene yapita ku tiyi wa ana yachoka pa mpamba ngati ina iliyonse, ndipo m'mabizinesi a pabanja ndalama zambiri zimathawira pamenepa popanda wina kuba.

Chachitatu: fananizani ndi ndalama za pafoni

Mauthenga a Airtel Money ndi Mpamba musamafufute, chifukwa ali ndi tsiku, nthawi ndi ndalama imene yalowa. Madzulo phatikizani kashi wa m'kabati ndi za pafoni, muone ngati zikugwirizana ndi za mu tebulo. Ngati n'kotheka, bizinesi ikhale ndi nambala yakeyake, yosiyana ndi imene mumatumizira ndalama kumudzi. Kasitomala akakuonetsani uthenga woti walipira, tsimikizani nokha pa *211# kapena *444# musanapereke katundu, poti mauthenga abodza alipo.

Chachinayi: werengani manambala kamodzi pa sabata

Apa ndiye pagona nkhani. Ambiri amalemba mokhulupirika koma sabwerera kukaona zimene alemba. Patulani ola limodzi, mwina Lamulungu madzulo. Kuti mudziwe phindu lonse la shuga, lembani =SUMIF(B:B,"shuga",G:G) m'bokosi lopanda kanthu, ndipo chitani chimodzimodzi ndi katundu wina yense.

Koma samalani ndi mtengo umene mukuika pa D. M'dziko muno mitengo siikhazikika. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo amene ankagulitsa potengera mtengo umene anaodera kale anapezeka kuti agulitsa zonse koma ndalama siikukwana kudzazanso shelefu. Tiyerekeze kuti munaoda paketi pa K3,000 ndipo mukugulitsa K3,400. Mukuona ngati mwapindula K400. Ngati ku holoselo ku Limbe yafika pa K3,300, phindu lenileni ndi K100, ndipo pamenepo simunachotse ya minibasi, ya wonyamula katundu, mayunitsi a ESCOM a firiji ndi lendi. Ine ndimalangiza kuti pa D muziika mtengo umene mungaodere lero. Funsani pa WhatsApp kwa amene mumapikulako musanasinthe mitengo yanu.

Onaninso masiku amene katundu amakhala asanathe. Chinthu chopindula K1,000 chimene chimakhala miyezi iwiri pa shelefu chamanga ndalama imene ikanazungulira kangapo pa mazira. Pakatha miyezi iwiri kapena itatu muyamba kuona kayendedwe ka malonda a dera lanu: zimene zimathamanga anthu akalandira kumapeto kwa mwezi, zimene zimafunidwa pakati pa mwezi pamene ambiri amagula mafuta oyeza pang'onopang'ono, ndi zimene makolo amasaka sukulu zikamatsegulira. Golosale ya pafupi ndi sukulu ku Zingwangwa singaode mofanana ndi ya pa siteji ku Lunzu, ndiye musakopere za mnzanu.

Chachisanu: ngongole ikhale ndi tsamba lake

Lembani dzina, tsiku ndi ndalama, ndipo wina akabweza lembaninso tsiku. Posakhalitsa mudziwa amene amabweza akalandira ndi amene amangowonjezera. Ikani malire a ndalama zonse zimene zingakhale kunja nthawi imodzi. Kukaniza mnansi n'kovuta, koma kumapepukirako mukamuonetsa mwaulemu zimene zalembedwa.

Chachisanu ndi chimodzi: sinthani chinthu chimodzi, muone zotsatira

Manambala akakuonetsani kuti buledi amatsala Lolemba lililonse, chepetsani oda ya tsiku limenelo lokha, mudikire masabata awiri. Mukasintha mitengo, nthawi yotsegulira ndi oda zonse pamodzi, simudziwa chimene chathandiza.

Pomaliza: tetezani zimene mwalemba

Namondwe Freddy atagwa mu March 2023, mabanja ambiri ku Chilobwe ndi madera ena ozungulira phiri la Soche anataya katundu ndi mapepala omwe. Tebulo la Google Sheets limasungidwa pa akaunti yanu, choncho foni ikabedwa kapena kunyowa mukhoza kulipezanso pa foni ina, malinga ngati mukukumbukira imelo ndi pasiwedi. Muzilumikiza foni ku intaneti kamodzi pa masiku angapo kuti zatsopano zikwere.

Mayina ndi manambala a makasitomala ndi chinsinsi chawo. Dziko lino lili ndi lamulo loteteza uthenga wokhudza anthu, la Data Protection Act la 2024, ndipo kuika mndandanda wa angongole pa gulu la WhatsApp kukhoza kukuikani m'mavuto. Tsekani foni ndi PIN, ndipo wantchito mum'patse mwayi wolemba za malonda okha, m'fayilo yosiyana ndi ya ngongole.