Kambiranani za umwini musanatumize nkhani yoyamba

Inu amene mukufuna kumalemba m'nyuzipepala mlungu ndi mlungu, n'cholinga choti nkhanizo mudzaziphatikize kukhala buku, yambani mwakambirana za umwini. Mkonzi akulembereni, ngakhale pa imelo chabe, kuti iwo angosindikiza koyamba basi, umwini ukhalabe wanu. Pangano la pakamwa limatha tsiku limene mkonziyo wachoka pampando. Ngati muli pa malipiro a pamwezi chenjerani kwambiri, chifukwa kawirikawiri zolemba pantchito zimakhala za kampani. Pamene sipakumveka, kafunseni ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa zolemba ndi zaluso ku Malawi, musanasaine.

Nkhani ikatuluka, jambulani tsambalo deti likuoneka, musunge pamodzi ndi imene munatumiza. Malo akachepa akonzi amadula ndime, makamaka zakumapeto, pomwe bukulo lidzafuna yathunthu ija.