Madeya anatsala pang'ono kundiphera ng'ombe

Ndimanenepetsa ng'ombe zitatu m'khola kwathu ku Mitundu. Pofuna kuti zinone msanga, ndinayamba kuzithirira madeya odzaza beseni m'mawa, zisanadye china chilichonse. Patangotha masiku ochepa, imodzi inasiya kubzikula, n'kumangoima mutu uli pansi. Ndowe zake zinali zamadzimadzi, zathovu, zonunkha chowawasa. Mtima unandipweteka, poti ndi ng'ombe imene ndimayembekezera kulipirira fizi ya mwana.

Alangizi a ziweto atabwera anati, "Bambo, chifu chawawasa ichi." Anandifotokozera kuti madeya akachuluka, tizilombo ta m'chifu timapanga asidi wa lactic wambiri, ndipo tina togaya udzu timafa. Anatchulanso asidi wa malic amene alimi akuluakulu amasakaniza m'chakudya kuti lactic uja achepe, koma ine ndinayamba ndi zomwe ndinali nazo.

Ndinaimika madeya masiku awiri, n'kumazipatsa mapesi ndi zotsalira za mtedza zokha, madzi osasowa m'chomwera. Yodwalayo tinaimwetsa soda wophikira wosungunula m'madzi. Pano udzu umayamba, madeya pambuyo, pang'ono m'mawa pang'ono madzulo. Tsiku lachinayi ndinaipeza itagona pamthunzi ikubzikula.